Chimangirizo chabwino chimanunkha usipa

Chaka cha maphunziro chathachi chitangoyamba, ndinapatsa ophunzira anga a Fomu 3 mutu woti alembepo chimangirizo: "Kufunika kwa Nyanja ya Malawi." Mumtima ndinkati ndawapatsa nsima yophikaphika. Sukulu yathu ili kufupi ndi nyanja kuno ku Salima, moti mwera ukakalipa mkokomo wa mafunde umamveka m'kalasi. Ambiri mwa anawa makolo awo ndi asodzi kapena a geni ya nsomba. Fizi, yunifolomu, ngakhale kope lomwe amalembamolo, zonse zimachokera m'madzi omwewo. Ndiye ndinati pamutu uwu pokha alemba mpaka mapepala kuwathera.

Madzulo ake ndinakhala pakhonde ndi mulu wa makope 64 ndi cholembera chofiira. Kope loyamba linayamba motere: "Nyanja ya Malawi ndi yofunika kwambiri m'njira zosiyanasiyana." Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linangosintha mawu amodzi. Mfundo zinali zitatu zokhazokha: nyanja imatipatsa nsomba zomwe ndi ndiwo zopatsa thanzi, imakopa alendo obweretsa ndalama zakunja, komanso imathandiza pa mayendedwe. Ochenjerako anawonjezera kuti David Livingstone anafika panyanjayi mu 1859. Zonsezi n'zoona, palibe bodza. Koma mwana wa ku Mchinji kapena ku Dedza, yemwe nyanja anangoiona pamapu, akanatha kulemba zomwezi. M'makope onsewo munalibe bwato, munalibe mchenga, munalibe munthu. Pofika kope la 20 ndinali nditayamba kuyasamula.

Kenako ndinatsegula kope lina lothimbirira, la mnyamata yemwe amakhala kumbuyo kwenikweni ndipo sakweza mkono m'kalasi. Zilembo zake zinali ngati pomwe zapalasa nkhuku. Iye anayamba chonchi: "Bambo anga akatuluka usiku kukayang'ana kumwamba n'kubwerera kudzagona, mayi amadziwa kuti mawa tidyera nkhwani." Ndinasiya kuyasamula. Mnyamatayo anafotokoza kuti bambo ake ndi siginala pa chilimira cha munthu wina. Ntchito yawo ndi kutsogola pabwato ndi nyali, kuitana usipa kuti usonkhane pamalo amodzi anzawo asanaponye ukonde. Koma mwezi ukawala kwambiri usipa sulabadira nyali, choncho asodzi amagona kumtunda. Masiku amenewo pakhomo sipaoneka ndalama. Anamaliza ndi kunena kuti kwawo ndalama imayendera mwezi wakumwamba, osati wa pakalendala, ndipo akachedwa kulipira fizi aphunzitsi aziyamba ayang'ana kumwamba asanamubweze.

Zolakwika zinalimo zambiri. Mipumiro ndi mipatuliro inali yosowa, ndime zinali zosagawa bwino, mawu ena olekanitsa anawaphatikiza. Potsatira ndondomeko yochongera, malikisi ake sanali apamwamba. Komabe mwa makope 64 aja, limeneli lokha ndi lomwe ndinawerenga kawiri popanda wondikakamiza. Usiku umenewo ndinagona ndi funso lomwe ndikufuna tikambirane lero, awerengi anzanga: kodi n'chiyani chimachititsa kuti nkhani yolembedwa ndi mwana wasukulu ikhale yogwira mtima, yoti munthu aiwerenge mpaka kumapeto?

Pofuna yankho, ndinapempha ahedi kuti atipatse theka la bolodi la zidziwitso lomwe lili pakhonde la ofesi. Lachisanu lililonse timakhomapo nkhani zitatu zolembedwa pamanja ndi ophunzira a makalasi onse. Pabolodipo palibe malikisi. Woweruza ndi miyendo ya anzawo pa nthawi yopuma. Nkhani ikakhala yozizira, ana amangoponyapo diso n'kupitirira kukagula zitumbuwa. Ikakhala yamoyo, amaunjikana, kukankhana, wina n'kuyamba kuwerenga mokweza kuti akumbuyo amve. Ine ndimangoonerera pawindo la sitafu. Patha materemu atatu tsopano, ndipo zomwe ndaphunzira pawindo limeneli zikuposa zomwe ndinalemba m'makope anga a ku koleji.

Choyamba chomwe ndaona n'chakuti nkhani zokopa anthu zimakamba chinthu chimodzi, chaching'ono, chomwe mlembi anachiona ndi maso ake. Mitu ikuluikulu monga "Mavuto a achinyamata m'Malawi" kapena "Kuipa kwa umphawi" imafera pabolodi popanda woilira. Koma mtsikana wina wa Fomu 2 analemba za jumbo yomwe amaikamo yunifolomu ndi makope nyengo ya dzinja. Amachoka kwawo atavala chitenje chakale, amasenza jumboyo pamutu powoloka kamtsinje kodzaza, ndipo akafika tsidya lino amabisala kuseri kwa chulu kuti asinthe zovala. Tsiku lina jumbo inabooka, notsi za teremu yonse n'kusanduka phala. M'nkhani yonseyo sanatchulemo mawu oti umphawi, kapena chitukuko, kapena ufulu wa mwana wamkazi. Koma zonsezo zinali m'jumbo muja, ndipo aliyense wowerenga anazimva. Nkhani yaikulu imalowa bwino m'mutu mwa munthu ikadzera pakhomo laling'ono.

Chachiwiri ndi kutchula zinthu ndi maina ake. Mwana wa kunyanja akakhala padoko sanena kuti "nsomba." Amati usipa, utaka, mcheni, kampango, mbaba, chambo. Sanena kuti "mphepo." Amadziwa kusiyana kwa mwera, mpoto ndi vuma, ndipo amadziwa yomwe imabweza asodzi kumtunda. Sanena kuti "ukonde" chabe, amasiyanitsa chilimira, matchera ndi khoka. Koma mwana yemweyo akagwira cholembera, maina onsewa amawasiya pakhomo la kalasi ngati nsapato zamatope. Amaganiza kuti ndi mawu akumudzi, osayenera papepala.

Tsiku lina ndinawauza kuti aliyense abwere adzalembe pabolodi dzina la nsomba yomwe amaidziwa. Choko chinatha maina asanathe. Ine ndinakulira kumtunda, kwathu nsomba timaidziwa itauma kale pamsika, ndiye theka la mainawo ndinali ndisanawamvepo. Tsiku limenelo mphunzitsi anali iwowo. Ndinawauza kuti akatswiri a sayansi amati nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake mu 1984 bungwe la UNESCO linaika Lake Malawi National Park, yomwe ikuphatikiza zilumba za Maleri zomwe timaziona kuno, pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Anthu amakwera ndege kudzaphunzira zomwe mwana wa pano amazidziwa asanayambe Sitandade 1. Nanga iye azichitiranji manyazi kuzilemba? Dzina lenileni la chinthu limapatsa wowerenga chithunzi, komanso limamutsimikizira kuti wolembayo analipo.

Chachitatu ndi chiganizo choyamba. Ana anga amadziwa bwino kuti mbedza yopanda nyambo imangonyowa. Komatu ambiri amayamba ndi mawu akuti "M'chimangirizo chino ndifotokoza za..." kapena "Monga tonse tikudziwa..." Ngati tonse tikudziwa, tiwerengerenji? Ndimawalangiza kuti ayambire pomwe chinthu chikuchitika: pomwe injini yazima pakati pa nyanja, pomwe mayi akuwerenga ndalama kachitatu koma sizikukwana, pomwe mvula yayamba usipa uli pathandala. Zofotokozera zibwere pambuyo, wowerenga atakodwa kale. Koma nyamboyo ikhale yoona. Mnyamata wina anapatsa nkhani yake mutu woti "Ng'ona pasukulu pathu," anthu n'kuthamangira, koma m'kati munali malangizo a ukhondo wa m'zimbudzi. Anamuseka, ndipo sabata zotsatira dzina lake likaoneka pabolodi anthu ankangodutsa. Wowerenga ukamupusitsa kamodzi sabweranso.

Chachinayi ndi kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo alembi ambiri achichepere amadya phula lomweli. Mtsikana wina wa Fomu 4 anafuna kulemba za chilumba cha Mbenji, komwe amalume ake amakapha utaka. Poyamba anabweretsa ndime ziwiri zongonena kuti Mbenji ndi chilumba chokongola chokhala ndi nsomba zambiri. Ndinamubweza ndi mafunso asanu oti akafunse amalume akewo. Patatha sabata ziwiri anabwera ndi masamba atatu. Anafotokoza kuti usodzi wa pa Mbenji umayendetsedwa ndi malamulo a mfumu yaikulu Makanjira ndi komiti yake, mwambo womwe unayamba m'zaka za m'ma 1950. Nyengo ya dzinja chilumbacho chimatsekedwa, asodzi onse amachokapo kuti nsomba ziswane, ndipo chimatsegulidwanso ndi mwambo mvula ikatha. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba ndi juga, ndiponso amayi saloledwa kukhalapo. Analembanso zomwe amalume ake amachita miyezi yotsekayo, momwe amabwerera kumunda, ndi momwe ngongole zimawapanira podikira tsiku lotsegulira.

Izi zokha zinali zokwanira kuti nkhaniyo ikhale yabwino, pakuti ngakhale aphunzitsi ena sankazidziwa, chonsecho akatswiri a m'mayunivesite a kuno ndi akunja akhala akubwera kudzaphunzira za kasamalidwe ka nsomba ka pa Mbenji. Koma mtsikanayo anawonjezera chinthu china. Kumapeto ananena maganizo ake: anayamikira mwambo wotseka chilumba, nati madoko ena atengerepo phunziro, koma anafunsa ngati lamulo loletsa amayi likuyenera kukhalapobe lero, poti amayi ndi omwe amagula, kuyanika ndi kugulitsa nsomba zambiri. Lolemba lake pabolodi panali pepala la mnyamata wina lomutsutsa, kunena kuti lamulolo ndi lomwe lasunga bata pachilumbapo zaka zonsezi. Lachitatu panabwera lina lotsutsa wotsutsayo. Mtsutsowo unatha sabata yathunthu, mpaka unalowa m'sitafu. Apa ndinaphunzira chachisanu: nkhani yamoyo imakhala ndi mbali yomwe mlembi waima, ndipo imasiyira wowerenga malo oti ayankhe. Mlembi woopa kunena maganizo ake amalemba zomwe palibe angatsutse, ndipo zomwe palibe angatsutse kawirikawiri palibenso amazikumbukira.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kudziwa yemwe ukumulembera. Ophunzira ambiri amalembera cholembera chofiira. Amaganiza kuti mphunzitsi amasangalala ndi mawu ovuta, ndiye m'Chingerezi amatola mawu ataliatali mu dikishonale omwe iwo eni sawamva, ndipo m'Chichewa amathira miyambi ngati akuthira mchenga m'ndowa. Ndinawerengapo tsamba limodzi lokhala ndi miyambi 9, ina yotsutsana yokhayokha. Mwambi uli ngati mchere: wochepa umakometsa ndiwo, wochuluka umazitayitsa. Masiku ano kwabweranso vuto la mafoni. Mwana amabwereka foni ya mchimwene wake, kukopera nkhani yonse pa intaneti, n'kubwera nayo monyadira. Siivuta kuizindikira. Imakhala yosalala ngati mwala wa m'madzi, koma ukafunsa kuti "Mawu awa akutanthauzanji?" mwana amayang'ana kudenga. Ndimawauza kuti aiwale za ine. Alembe ngati akufotokozera msuweni wawo wa ku Kawale kapena ku Ndirande, wamsinkhu wawo, wanzeru ngati iwo, koma yemwe sanakwerepo bwato. Ukamalembera munthu wotere sungadumphe zofunika kufotokoza, komanso sungamutopetse ndi zodzionetsera.

Chachisanu ndi chiwiri ndi chomwe ana amadana nacho kwambiri: kulembanso. Iwo amaona ngati ukafika pa mpumiro womaliza ntchito yatha. Tsono Lachitatu masana timakhala pansi pa mtengo wa mango awiriawiri. Wina amawerenga nkhani yake mokweza, mnzake amamvetsera, ndipo ntchito ya womvetserayo ndi kukweza dzanja pomwe maganizo ake ayamba kuyendayenda kapena pomwe wasokonezeka. Khutu limagwira zomwe diso laphonya. Chiganizo chomwe sungachimalize ndi mpweya umodzi n'chofunika kuchidula. Mawu omwe lilime lapunthwapo ndi ofunika kuwasintha. Kenako timabwera ku kalembedwe koyenera ka mawu, zizindikiro za m'kalembedwe ndi kagawidwe ka ndime. Pano sindinyengerera. Ndimawafunsa kuti bambo awo akabwera kunyanja amatani ndi ukonde masana onse. Amayankha kuti amasoka mong'ambika. Chifukwa? Chifukwa ukonde wobooka, ngakhale utazinga nsomba zambiri, umafika kumtunda wopanda kanthu. Nkhani yokoma yokhala ndi zolakwika zambiri imataya owerenga momwemo. Mnyamata wa nkhani ya mwezi uja analemba nkhani yake kanayi isanakwere pabolodi.

Tsopano ndinene za pomwe ndinalakwitsa ine mwini, pakuti sichingakhale chilungamo kungokamba zokoma. M'teremu yachiwiri mtsikana wina anabweretsa nkhani yamphamvu kuposa zonse zomwe ndinalandirapo. Inkakamba za mchitidwe womwe aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaudziwa koma sautchula pagulu: asodzi ena kuumiriza amayi a geni kuti agone nawo kuti awagulitse nsomba zikasowa. Inali ndi zonse zomwe ndatchula pamwambapa. Inayamba bwino, inali ndi zooneka ndi maso, inali yoona. Dzina la munthu sanatchule, koma anafotokoza mtundu wa penti ya boti lake ndi mawu olembedwa m'mbali mwake. Ine, posangalala ndi luso la mwanayo, ndinaikhoma pabolodi osaganiza kawiri.

Pofika Lolemba nkhani inali itafika padoko. Aliyense anadziwa boti lomwe likunenedwa, ndipo anadziwanso mwana yemwe walemba. Mwini botiyo anabwera kusukulu atalusa. Choipa kwambiri, anzake anagwirizana zosawagulitsa nsomba mayi a mtsikanayo, omwe geni yawo ndi yomweyo. Mwanayo anajomba masiku angapo chifukwa cha mantha. Nditapita kwawo kukapepesa, mayi akewo anandilandira mwaulemu, kundiyalira mphasa, kenako anati: "Aphunzitsi, inu malipiro anu amabwera kaya kuli mwera kaya kuli bata. Ife timadya za padoko pomwepo. Musanakhome pepala lija munaganizako za ife?" Ndinalibe yankho. Zinatengera ahedi, amayi a gulu loona za atsikana pasukulu pathu ndi a mfumu kuti nkhaniyo izizire, ndipo mayiwo anataya sabata zingapo za malonda chifukwa cha kusaganiza kwanga.

Phunziro lake silakuti ana asamalembe zinthu zowawa. Mchitidwe uja ulipo ndipo ukuwononga miyoyo. Kuukhalira chete sikuuthetsa. Koma cholembera n'chakuthwa, ndipo mwana akachigwira, wamkulu ayenera kuona komwe chaloza. Kuyambira pamenepo, nkhani isanakwere pabolodi timafunsa mafunso atatu. Kodi ndi yoona, ndipo mlembi akudziwa bwanji? Kodi muli munthu yemwe angazindikirike, ndipo ngati alimo, wavomera? Kodi ikatuluka, ndani angavutike nayo, makamaka mwa anthu opanda mphamvu? Nkhani zina timaona kuti malo ake si pabolodi koma m'manja mwa akuluakulu oyenera, monga a zoteteza ana kapena apolisi. Patapita nthawi atsikana atatu analembanso za mchitidwe womwewo mosaloza munthu kapena doko, ndipo inakambidwa bwino pamsonkhano wa makolo. Nkhani yabwino iyenera kukhala yoona, komanso iyenera kukhala ndi chisoni ndi anthu omwe ali m'katimo.

Mphunzitsi mnzanga wina, yemwe wakhala pantchitoyi zaka zambiri kuposa ine, amandiseka. Amati: "Achimwene, a MANEB sachonga fungo la usipa. Apatseni ana zimangirizo zachitsanzo aloweze, akhoze mayeso, zinazi adzaziona akadzakula." Sindimunyoza, chifukwa nkhawa yake ndi yoona. Mwana wa pasukulu yoyendera ya kumudzi ali ndi mpata umodzi wokha, ndiwo satifiketi ya MSCE, ndipo tilibe ufulu woseweretsa mpata umenewo. N'chifukwa chake chiyambi, thunthu ndi mathero timaphunzitsabe. Kukonza mfundo usanayambe kulemba, kusiyanitsa chimangirizo chofotokoza ndi cha mtsutso, kayalidwe ka kalata yantchito, kusunga chiwerengero cha mawu, zonsezi timazichita mobwerezabwereza.

Koma pa zoloweza ndimatsutsana naye. Mwana woloweza zimangirizo zisanu amalowa m'chipinda cha mayeso akupemphera kuti limodzi mwa mafunso lifanane ndi zomwe wasenza. Funso likapotoka pang'ono, amakhuthula zomwe analoweza ngakhale sizikugwirizana ndi mutu. Pomwe mwana wozolowera kuona, kufunsa ndi kulemba zomwe akudziwa sasowa chonena, pakuti nkhokwe yake ndi moyo wake womwe. Komanso tisadzinamize, si onse adzapite ku yunivesite kapena ku koleji. Ambiri adzakhala konkuno. Adzafunika kulemba kalata yofunsira ntchito, malipoti a komiti ya padoko, zokambirana za banki mkhonde, dandaulo lopita kwa khansala mlatho ukakokoloka, kapena kalata yopita patsamba lino. Pamenepo sipadzakhala chimangirizo choloweza. Padzafunika munthu wodziwa kunena chinthu momveka, mwadongosolo, mokhudza mtima wa wowerenga.

Ndimakonda kukumbutsa ophunzira anga za anthu awiri. Woyamba ndi Samuel Josia Nthara, yemwe anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo linapambana mpikisano wa zolemba m'ziyankhulo za mu Africa mu 1933, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi litamasuliridwa ndi T. Cullen Young. Nthara sanalembe za London. Analemba za moyo wa m'mudzi wa Achewa, zomwe anthu a nthawi yake akanati n'zodziwikadziwika, ndipo patha zaka zoposa 90 tikuliwerengabe. Wachiwiri ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Buku la mbiri yake, lomwe analemba mothandizana ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo mu 2019 linasanduka filimu yomwe yaonedwa m'maiko ambiri. Chomwe chinakopa dziko ndi zinthu zomwe mwana wa kuno angachite nazo manyazi: njala, gaga, kubwezedwa kusukulu. Zakwanu zomwe ukuziona ngati zachabe, kwa wina ndi nkhani yomwe sanaimvepo.

Ndiye pempho langa lili patatu. Kwa aphunzitsi anzanga: tiyeni tipereke mitu yomwe mwana angaione ndi maso kapena kuifunsa kwa agogo ake. Mwana wa ku Lifuwu alembe za mbalame zomwe amaingitsa m'munda wa mpunga. Wa ku Chipoka alembe za doko ndi njanji, zomwe akulu akwawo amakumbukira ndi zomwe iye akuona lero. Wa ku Senga Bay alembe momwe madzi a m'nyanja anakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'malo omwe anthu ankakhala ndi kuchitiramo malonda. Ndipo tiwapezere owerenga ena kupatula ife. Bolodi silifuna magetsi kapena kompyuta. Katoni yakale ndi mapini zikukwana.

Kwa makolo: mwana akabwera ndi kope n'kuyamba kukufunsani za kale, za ntchito yanu, za momwe mudzi uno unayambira, musamuthamangitse kuti akukutayitsani nthawi. Mwina simunapite patali ndi sukulu, koma pa zomwe akufunsazo inu ndinu buku lomwe laibulale yathu ilibe. Kwa inu awerengi a nyuzipepala ino: mukatha kuwerenga, musaithamangitsire kokulungira mandasi. Ipatseni sukulu yomwe muli nayo pafupi. Mwana sangalembe bwino ngati sawerenga, ndipo m'sukulu zambiri za kumudzi buku limodzi amalimbirana ana ambirimbiri.

Ndimalize ndi mnyamata uja wa kumbuyo kwa kalasi. Nkhani yake itakhala pabolodi sabata imodzi, Lachisanu lina masana ndinaona bambo wina wamtali, wovala chipewa chakutha, ataima pakhonde la ofesi. Ndinaganiza kuti abwera za fizi. Nditawalonjera anati: "Aphunzitsi, ndamva padoko kuti mwana wanga wandilemba pakhoma pano. Ine kuwerenga sindidziwa. Ndimati andiwerengere ndimve ngati wanena zoona." Ndinamuitana mnyamatayo. Anawerenga mawu akunjenjemera, anzake atazungulira. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi. Atatha anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Za mwezi wanena zoona. Koma waiwala mwera. Mwezi umangotigoneka ndi njala, mwera ndi womwe umatipha. Ukalembenso." Anatsanzika n'kumapita.

Mnyamatayo tsopano ali Fomu 4, ndipo nkhani ya mwera waiyamba kale. Akuti wafunsa asodzi anayi, mmodzi mwa iwo anapulumuka bwato litagubuduzika usiku. Kalembedwe kake ka mawu kakadali kovuta, ndipo tikulimbana nako mayeso asanafike. Koma masiku ano amakhala kutsogolo, ndipo mkono amakweza.